Zachikasu pa Mano a Kadona

Lolemba, 3 Malichi

Mwana wa aneba amuzula mano anayi lero. Akutsogolo onse. Zaka zinayi zokha, pakamwa ngati pa nkhalamba. Wabwera ali kumsana kwa amake, thonje la magazi m'kamwa, osalira n'komwe. Kutopa.

Nditalowa m'nyumba ndamuika Kadona wanga pamwendo, kumutukula mlomo. Mano awiri apamwamba ali ndi timadontho toyera ngati choko, m'mphepete mwa nkhama. Amake akuti ndi mkaka chabe, "nanga si mano omwewa adzaguluka?" Kaya. Ine zamabuku sindidziwa, koma thabwa ndimalidziwa. Ukaona kaufa pansi pa mpando, m'kati mwatha kale.

Lachitatu, 5 Malichi

Mawa sikelo. Ndawauza amake akafunse adokotala za mano, asangomuyeza kulemera n'kubwerako. Ndabwerezanso pa chakudya. Akuti, "Ndamva bambo, sindine gonthi." Ndikanapita ndekha, koma kushopu mipando ya sukulu ikudikira. Abwana maso pa wotchi.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndapalamula.

Ndafika dzuwa lisanalowe. Amake kulibe, apita kokagula makala, Kadona ali kwa aneba. Kundithamangira, kuseka. Mano onse achikasu! Zomata ngati ulimbo. Lolemba zoyera, lero zachikasu, ndiye Loweruka zikhala zakuda? Madzi ofunda, mswachi, kenako ngodya ya thaulo. Ndinamupana pakati pa maondo. Kulira kwake, Mulungu yekha. Ndinapukuta mpaka mbee.

Amake kulowa, kuona thaulo, makala onse pansi. Kani anali mankhwala. Adokotala anapaka ndi kaburashi kuti mano alimbe, madontho aja asasanduke mabowo. Osatsuka mpaka mawa. Kupakanso ndi mu Juni. Mzere wa m'mawa wonse, ine kufufuta.

Mawu awo: "Inu amene mumakalipa munthu akakhudza tebulo vanishi asanaume."

Ndinawerama kutola makala.

Lachisanu, 7 Malichi

Tsiku lonse kupaka vanishi. Ndamuuza Wamtali, mnzanga wa pamakina, kuti mwina anganene zanzeru. Waseka mpaka kutsamwa ndi utuchi. "Mwayi wake sunatenge sandipepala." Galu ameneyu.

Ndapempha abwana theka la tsiku kuti ndipite ndi Kadona kuchipatala. Akuti mano a mwana si maliro.

Lamulungu, 9 Malichi

Mkwiyo waphwako, amake andiuza zina zimene adokotala ananena. Botolo la tiyi wa shuga pogona lithe. Kapu, madzi basi. Mankhwala otsukira mano pang'ono ngati kanjere ka mpunga, m'mawa ndi madzulo. Botololo ndalibisa m'bokosi la zida. Kadona kulifuna, kugubuduzika pansi, kutaya kapu.

Apongozi anabwera masana. Akuti tikuzunza mwana, iwo analera asanu ndi shuga yemweyo. Akuyankhula, ine maso m'kamwa mwawo. Mipata yokhayokha. Ndinangoti zikomo amayi. Ulemu.

Kadona akandiona ndi mswachi akuthawira kuseri kwa chitseko. Kwa amake amayasamula bwinobwino. Chimenechi chikundiluma mumtima.

Lachiwiri, 11 Malichi

Madontho alipobe. Ine ndikuona ngati akula, amake akuti ndi maso anga. Juni ndi kutali. Ndawapempha abwerere kuchipatala, akana. "Ndikanene chiyani, kuti kwathu kuli munthu wofufuta mankhwala? Kaneneni nokha."

Mwana wa aneba ndamuona akulimbana ndi nthochi, kuluma cham'mbali.

Mawa kuntchito sindipita. Akadula za tsikulo, adule.

Lachitatu, 12 Malichi

Kuchipatala pabenchi amayi okhaokha, mwamuna ine ndekha. Wina akuti, "Amake athawa, bambo?" Onse kufa nako kuseka. Nanenso ndinaseka.

Adokotala ndawauza zonse, za thaulo zomwe. Sanakalipe. Akuti iwonso akanayenera kunena kuti kunyumba aliyense adziwe za chikasucho. Tinakhala maondo kugundana, mutu wa Kadona pamiyendo pawo, ine kumugwira manja. Kupukuta, kupaka, kwatha. Ntchito yaukhondo, kaburashi kosadontha. Madontho akutsogolo akuti angathe kuima pomwepo tikasamala.

Koma polira anayasamula kwambiri, adokotala n'kuunika ndi tochi kumbuyo. Anaunikanso. Dzino lotafunira, pansi, kumanzere. Bowo. Laling'ono, koma bowo. Sabata yatha sanalione, mwana anali ataluma mano. Ine masiku onsewa kumangoyang'ana kutsogolo ngati wogula kabati.

Limeneli lopaka silingathandize. Atitumiza kwa dokotala wa mano, Lachisanu m'mawa. Tikafulumira amata. Tikachedwa azula. Akuti padzafunika wamphamvu womugwira kuti asaphiriphithe.

Pobwerera anagona paphewa panga, malovu achikasu pa malaya. Amake nditawauza anakhala pansi. Sananene za thaulo.

Lachinayi, 13 Malichi

Abwana sanandiyankhe moni. Poweruka akuti ndikajombanso mawa, Lolemba ndisavutike kubwera, akalipentala ali mbwee. Wamtali lero sanaseke. Akuti mipando yanga aipala yekha pa nthawi ya nkhomaliro, mwina abwana aziziritsa mtima. Mwina.

Amake akuti apita okha, ntchito siseweretsa. Ndawayang'ana manja. Kadona akayamba kukankha, iwo samutha. Akaphiriphitha chitsulo chili m'kamwa, ndiye chiyani? Kutibweza? Tsiku lina, mwezi wina, bowo likukula.

Madzulo ano Kadona wandibweretsera mswachi yekha. Waima patali, waponya, wathawa. Kenako kusuzumira pachitseko, kuona ngati ndatola. Ndatola.

Ndiye mawa ndikamupanenso, ine yemweyo.

Tinsapato take ndapukuta. Za abwana ndiziona Lolemba.