Ana Amene Tinawabisa ku Nthochi

Milonde, Mulanje
Febuluwale, 1981

Wokondedwa mlongo wanga Elson,

Ndiyambe ndi moni, poti malemu amayi anatilera kuti kalata imayamba ndi moni ngakhale mtima uli m'mwamba. Uli bwanji ku Limbeko? Alamu anga a Esteri ali bwanji? Nanga Chester chifuwa chija chinamusiya? Ife kuno tadzuka. Kunena kuti tili bwino ndiye ayi, bodza ndatopa nalo mwezi uno.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndaimata bwino n'kum'patsa Moffat, mnzako wa lole ya tiyi uja, kuti akupatse pamanja. Ukatha kuwerenga uyatsire mbaula, chifukwa muli mawu amene masiku ano satchulidwa pagulu. Mawu ake ndi njala. Eya, ndawalemba, ndipo dzanja langa silinathyoke.

Kupatula tsiku limene unabwera ndi mabwana ako lija, iwe kuno unapondako komaliza pa maliro a mchemwali wathu Lines, ndiye ndikuuze bwinobwino zimene sunazione. Mvula itatithawa chaka chatha, nkhokwe zinatha tisanabzale n'komwe. Amayi a ana amalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, ana n'kumatsala akutafuna makaka ouma tsiku lonse. Ife amayi a Mvano tinagwirizana ndi amayi achisilamu a pamsika kuti tiziwaphikira phala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi. Wina amabwera ndi gaga, wina kambale ka nandolo, a Mwanahalima amabweretsa mtedza wotsala pa malonda awo. Tinadzitcha gulu la Tiyanjane. Phala lake lamadzimadzi, loti ukhoza kudziona nkhope, koma ana amamwa.

Ndiye kunabwera uthenga wako kudzera kwa Moffat. Unati bungwe limene umaliyendetsera galimoto, la Thumba la Abwenzi a Ana, limasankha gulu limodzi m'boma lililonse n'kulipatsa mkaka waufa, ufa wa soya, mapoto aakulu ndi malata a chisakasa, thandizo la chaka chathunthu. Unati kuno ku Mulanje atsala magulu awiri, lathu ndi la ku Chonde, ndipo mabwana ako abwera kudzaona okha. Elson, ine ndinavina. Ndinavina pabwalo, nkhalamba yonseyi, mpaka ana kumandiseka.

Koma uthenga wako unali ndi mchira. Unati tisakuchititse manyazi. Unati tisese, ana asambe, avale bwino, mabwana asadzaone ngati dalaivala wawo amachokera kwa anthu osadzisamala. Unatumizanso diresi labuluu la kolala yoyera, kuti Millie, mwana wa malemu Lines, adzavale tsikulo.

Moffat pakamwa pake sipakhala chitseko, ukumudziwa. Mawu ako anafika kwa a Mackson, apampando a nthambi yathu ya chipani, lole isanazime n'komwe. Iwo anaitanitsa msonkhano. Anaima pachitsa paja, mimba patsogolo, n'kunena kuti m'dziko muno mulibe mwana wogona ndi njala, ndipo aliyense wofuna kuonetsa azungu zosiyana ndi zimenezo akutukwana boma. Anati ana onse otupa miyendo, a tsitsi lofiira, a nthiti zowerengeka, tsikulo asaonekere. Apite ku nthochi za kudambo mpaka alendo atachoka.

Ndisawanamizire a Mackson okha. Amayi ambiri anavomera ndi mtima wonse, osati chifukwa cha mantha pokha. Kodi kwathu kuno ndani amayalira mlendo mphasa yong'ambika? Timabwereka mbale kwa aneba, timapha nkhuku yotsala yokha, mlendo akatifunsa timati ife tadya kale, chonsecho m'mimba mukulira. Ndi mmene tinaleredwera, iwe ndi ine. A Binti Makawa anachita kunena kuti iwo mwana wawo sangamuonetse kwa mzungu ali chonchija, anthu angamati sadziwa kulera.

Ine ndinaimirira. Ndinati amayi inu, anthuwa sakubwera kudzafunsira mbeta, akubwera kudzaona ngati tikuvutikadi. Munthu akapita kuchipatala amabisa chilonda? A Mackson anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati khadi langa la chipani la chaka chino ndili nalo, ndiponso ngati ndingakonde kukafotokoza maganizo angawo kuboma. Zimenezo sizinanditseke pakamwa. Chinanditseka pakamwa n'chimene ananena pambuyo pake: "Mayi Enifa, si mlongo wanu yemwe wanena kuti tisamuchititse manyazi?" Anthu onse anaseka, ine n'kukhala pansi.

Ndiye tinabwereka ana, Elson. Inde, ana! Monga timabwerekera mipando ya ukwati. Ana a makapitawo a ku esiteti, ana a ahedi, ana a eni magolosale, oti phala lathu sanalilawepo chibadwire. Anawapaka mafuta mpaka masaya kuwala.

Diresi lako ndinamuyesa Millie m'mawa mwake. M'mapewa limagwa, pamimba silimatseka. Mwanayo anangoima, manja ngati timitengo, akulisisita kolala. Akazi a Mackson anafika pomwepo n'kunena kuti chovala chabwino chonchi chisangokhala m'nyumba tsiku la alendo, achibwereke. Anakaveka mwana wawo Rosie. Millie sanalire. Masiku ano salira, alibe mphamvu zake.

Zotsalazo unaziona wekha. Unafika ndi galimoto yoyera, utamanga tayi, uli ndi mabwana ako, dona uja ndi bambo wa magalasi. Tinakuimbirani, tinakuvinirani. Phala la tsiku limenelo linali la shuga ndi mkaka, zopereka a golosale pofuna kusangalatsa a Mackson. Munadya mpunga ndi nkhuku. Nkhuku imene ija inali thadzi la a Mwanahalima, lomaliza m'khola mwawo, limene mazira ake timaswera m'phala la ana odwalitsa. Iwe unatenga ntchafu, ndinakuona.

Dona atandifunsa, kudzera mwa iwe, ngati ana ndi okhawa, ndinati ana ena sali pano. Ukukumbuka chimene unachita? Unandiponda chala n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, musayambe." Kenako unalankhula Chizungu chako, dona n'kumwetulira, n'kulemba. Ine Chizungu sindichidziwa, koma chimene ndinanena sichinali choseketsa munthu.

Zonsezo ndikanazimeza. Chimene chandikhala pakhosi mpaka lero ndi ichi. Unaona diresi labuluu pakati pa ana, unathamanga, unamunyamula Rosie m'mwamba, n'kufuula kuti, "Millie wakula! Taonani kunenepa, achemwali mukumusamala!" Unamuonetsa kwa dona kuti ndi mwana wa mchemwali wako. Unam'patsa switi. A Mackson anali pambali panga akuseka ndi mano onse, ayufi awiri ali kumbuyo kwawo. Iwe tsibweni wake wa Millie, mwini mbumba yathu, sudziwa nkhope ya mwana wa Lines! Unazindikira nsalu imene unagula, mwana osamuzindikira. Rosie ndi woyera, Millie ndi wakuda ngati iwe, ali ndi mpata wa mano ngati wa mayi ake. Aa, Elson, zoona?

Ukudziwa kumene anali Millie nthawi imeneyo? Ku nthochi, pamodzi ndi anzake, atakhala pamasamba onyowa, kukuwaza kamvula. A Mwanahalima ndi amene amawayang'anira, ndiye nkhuku yawo sanaione n'komwe mmene inathera. Akuti galimoto italiza hutala, Millie anadzuka n'kunena kuti amenewo ndi atsibweni. Anayesa kuyenda, miyendo inakana. Anawapempha kuti, "Anganga, tandinyamulani ndikangoona matayala okha." A Mwanahalima anam'bereka mpaka m'mphepete mwa munda, anakasuzumira m'mapesi. Millie anakuona ukunyamula mwana wina atavala diresi lake. Akuti anangofunsa kuti, kodi atsibweni ali ndi Millie wina?

Yankho la mabwana ako linafika sabata yatha. Thandizo lapita ku Chonde. Akuti gulu la Tiyanjane ndi lachitsanzo, ana ake ndi athanzi, likutha kudziimira palokha. Atitumizira satifiketi yotiyamikira ndi mpira wachikopa. Mpira, Elson! Ana oti kuimirira amachita kugwira khoma. Satifiketiyo a Mackson aipachika pabalaza pawo, akuonetsa aliyense wodutsa. Mpirawo akusewera ana a makapitawo omwe aja.

A ku Chonde sindikuwachitira nsanje, Mulungu akundiona. Ndamva kuti kumeneko amayi anangokhazika ana awo pamphasa mmene analili, ndi mamina omwe, dona mpaka anatulutsa mpango. Anachita bwino. Ife ndi amene tinadzikonzera tokha, ndi ulemu wathuwu. Mabwana akonso ndiwafunse: munthu wofuna kuona ovutika amatumiza uthenga mwezi wathunthu kuti ndikubwera? Anayembekeza kupeza chiyani, ngati si pabwalo posesa? Anakhala pamipando, anadya, anaombera m'manja, sanalowe m'nyumba ngakhale imodzi.

Tsopano imva za kuno. Mwana wa a Binti Makawa uja, amene amayi ake amachita naye manyazi, tinamuika Lachiwiri. Pamaliro a Mackson analengeza kuti ndi malungo. Amayi ena akunong'onezana kuti ndi tsempho, akulozerana zala, mabanja ayamba kukangana. Palibe amene akutchula dzina lenileni la matendawa. Gulu lathu nalo likutha, gaga wasowa, tikuphika modumphadumpha.

Millie ndinam'bereka mpaka ku Mishoni. Anesi anadina chala paphazi pake, chala chitachoka dzenje linatsala. Anandilankhula mwaulemu, motsitsa mawu, kuti mankhwala a mwanayu si jakisoni ayi, ndi mkaka, mazira ndi mtedza, tsiku lililonse, kwa miyezi. Anandipatsa paketi ya mkaka, yatha. Khungu la m'miyendo layamba kusupuka. Ndikamuikira chakudya amangochiyang'ana, ndimachita kumunyengerera ngati khanda, mwana woti chaka chino akanayamba sukulu.

Ndikudziwa chimene uchite ukawerenga apa. Uthamangira kusitolo, ugule chitini cha mkaka, um'patse Moffat, mtima wako ukhale pansi. Tumiza, sindikana, ndipo tumiza msanga. Koma chitini chimodzi chimatha, ndipo ku nthochi kuja Millie sanali yekha. Ine ndingamwetse bwanji wanga mkaka ana a anzanga akundiyang'ana pakhomo?

Chimene ndikukupempha ndi ichi. Pita kwa dona uja. Vula chipewa, umuuze kuti ana amene anawaona anali obwereka, ndipo amene unamunyamula uja si mwana wa mchemwali wako. Umuuze kuti iwe ndi amene unatumiza mawu oti tikonzeke. Um'pemphe abwerenso, koma asatumize uthenga kwa wina aliyense, ngakhale kwa ine. Galimoto muisiye pamsika pa Milonde, mubwere wapansi ngati anthu odutsa. Ine ndidzamulowetsa nyumba ndi nyumba, osasesa, osaimba nyimbo. Ngati thandizo la chaka chino latha, aone chotsala m'nkhokwe mwawo, ngakhale matumba ochepa. Anthu amene ali ndi ndalama yogulira mpira sangasowe mkaka.

Unena kuti ntchito ingakuthere. Mwina. Unena kuti a Mackson akamva andipereka kwa ayufi. Ndikudziwa, ndipo ndikuopa, usaganize kuti sindikuopa. Ndikamva njinga yaima pakhomo ndimayamba ndasuzumira pazenera. Koma pamanda a Lines unaima pamaso pa mbumba yonse n'kunena kuti mwanayu sadzasowa kanthu iwe uli moyo. Amalume a ku Mozambique analipo, abusa analipo. Sunanene kuti sadzasowa diresi.

Diresilo akazi a Mackson anabweza, lili ndi dontho la msuzi wa nkhuku pachifuwa. Ndalichapa, ndalisita, ndalipinda m'sutikesi ya malemu amayi. Millie amandipempha kuti nditsegule alione. Ndikati avale amakana, akuti adzavala tsiku limene atsibweni adzabwere, kuti asadzasokonezenso.

Diresili alivala ndithu, Elson. Chatsala n'choti iwe usankhe. Ubwere udzamupeze atalivala yekha, ataima pakhomo, kapena tidzamuveke ife amayi titatseka chitseko, iwe uli panja ndi amuna anzako mukukhoma matabwa.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Esteri, ndipo uwawerengere kalatayi usanaiotche, iwo ndi mayi, amva. Chester umupsompsone. A Mwanahalima akuti moni, akuti za nkhuku alibe nazo mawu. Ambuye akusunge pamsewu, ndipo akupatse manyazi oyenera.

Ndine mchemwali wako amene anakubereka kumsana,

Enifa