Buku la Ababa Lapita ku Kandeu

Nsipe, Ntcheu
18 Febuluwale 2025

Okondedwa achemwali a Sibongile,

Achimwene athu a Aleck ndiwo andilembetsa kalatayi. Za moni mudikire kumapeto, mtima sunakhale pansi.

Mukukumbukira buku la ababa la ulimi wa mbatatesi, lachikuto chobiriwira lija, limene ankalemba m'mphepete mwake ndi pensulo atabwerako ku migodi? Chiliza chawo chisanamangidwe n'komwe, a Aleck ananyamula katoni yonse ya mabuku n'kukapereka ku laibulale ya mpingo pano pa Nsipe, osandifunsa. Akuti chiswe chikanawatha. Chiswe chake ndi iwowo.

Ndinathamangirako. A Gracian, oyang'anira laibulaleyo, anangoti, "Pepani achemwali, lalowa kale m'kaundula." Kaundulayo ali m'kompyuta, ndipo ndi mmodzi yemweyo wa malaibulale onse atatu: ya pano, ya ku Kandeu ndi ya ku Sharpevale. Munthu wa kwina akaliona n'kuliitanitsa, buku limakwera njinga yamoto Lachisanu, ndipo kumene labwezedwa limakhala komweko. Buku la ababa linasanduka galu wa pamsika, wopanda kwawo.

Nanenso ndinaliitanitsa. Linabwera, koma silinali lathu. Mabuku a mutu umenewo alipo anayi, ndipo kompyuta imawaona ngati limodzi, siidziwa pensulo ya munthu. Ndinabweza, n'kuitanitsanso. Linanso loyera mbee. Ndinafika pokwera njinga mpaka ku Sharpevale, n'kupeza lachoka dzulo lake. A Gracian anayamba kundiseka ndikangotulukira pakhomo.

"Afika mayi wa mbatatesi! Koma munda muli nawo inu?"

"Inu tsitsi mulibe," ndinatero, "koma chipeso sichichoka m'thumba."

Mu Disembala linandipeza. Nditangotsegula ndinaona kalembedwe kawo kopendekeka kaja. Sindinalire pamaso pa a Gracian, wina asakunamizeni. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuwonjezetsa masiku, poti lamulo limalola ngati palibe wina akulidikira.

Ndiye sabata yatha a Gracian akuti, "Wina ku Kandeu waliitanitsa. Lachisanu lipite."

"M'patseni lina, alipo anayi."

"Atatu enawo wawabweza onse. Makani ake ngofanana ndi anu."

Ndinadziwiratu. Ku Kandeu n'kuchikamwini kwa ndani ngati si a Aleck? Madzulo ake alamu athu a Janeti anandiimbira. Ndi mvula yosakatayi chiwawu chagwa m'munda mwawo, masamba akuda ngati awauka ndi moto, ndipo mukudziwa kuti ana aja amadya ndi kuphunzira ndi munda umenewo. A Aleck akukumbukira kuti ababa analemba kapoperedwe kawo ndi nthawi yodula masamba kuti matenda asatsikire pansi, koma mwatsatanetsatane aiwala. Kundipempha pakamwa akulephera. Adzera m'kompyuta, munthu wamkulu ndi ndevu zake!

Ndinayenda nalo m'chikwama ngati ndaba, kumsika nalo, kutchalitchi nalo. Ndinaganiza zonena kuti latayika. Ndinaganiza zofufuta dzina la laibulale. Ndikakhala pansi ndiimirire, ndikaimirira ndikhale pansi, mpaka amayi anandifunsa ngati ndakhalira linthumbwi.

Lachisanu ndinalipereka. Koma mumvetse bwino, achemwali: ndapereka ku laibulale, osati kwa a Aleck. Ndipo dzina langa lili kale pamzere, pambuyo pa lawo. Akachedwa nalo, a Gracian adzatopa nane.

Pempho langa n'lakuti mukawaimbira a Aleck muwauze asaligwire ndi manja a mankhwala, ndipo asalisiye pamene ana angalifikire. Za kapepala kamene ndaika pa tsamba la chiwawu musatchule, angayese ndakhululuka.

Amayi ali bwino, mawondo okha ndiwo akuvuta. Apereka moni kwa alamu athu, amuna anuwo, ndi kwa mdzukulu wawo Mfundo, ndipo ati inu a ku Joni mupemphere kuti mvula ikate ku Kandeu. Inenso ndikupemphera choncho, chifukwa cha ana aja basi.

Nkhaniyi ndaitsekera pano. Mukadzabwera pa Pasaka musadzaiyambe, sindidzayankha.

Ndine mng'ono wanu,
Thokozile