Wopanda Munda ku Esiteti

Lolemba, 3 Okutobala 1977

Mwezi wachinayi kwa Nachisaka, kwawo kwa atate. Ntchito zii. Ku Halale komwe ndinabadwira ankati ndine mlendo wa ku Nyasalande. Kuno ana amanditsatira kuti amve mmene ndimapotozera Chichewa. Khadi la chipani ndagula, koma silidyeka.

Lachisanu, 7 Okutobala

Ndapempha munda. Azakhali a Faines, alongo awo a atate, andiyankha mokoma ndithu: “Mwana ndi wa kwa amake, Benjamini. Minda ino ndi ya ana athu akazife.” Amayi anali Mshona, manda awo ali ku Halale. Ndikalime pamenepo?

Atate anali pomwepo. Iwo amene ankandiphunzitsa ndili mwana kuti aliyense akandifunsa ndizinena mosaopa kuti kwathu ndi kwa Nachisaka. Ndawamvera chisoni, ndakwiya nawonso.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Esiteti ya fodya kuseri kwa Mponela ikulemba anthu. Wapansi ulendo wonse, nsapato m'manja kuti zisathe. Kapitawo wandifunsa kwathu. Ine chifuwa patsogolo: kwa Nachisaka. Munda? Ndati ulipo, waukulu. Ndimaopa kuoneka wobwera.

Andibweza. Alemba anthu a ku Mozambique ndi Alomwe a ku Mulanje.

Lachitatu, 2 Novembala

Msuweni wanga Alexio waseka mpaka misozi. “Iwe wa ku Halale, sudziwa? Wa konkuno samulemba. Mvula ikangogwa amathawira kumunda kwake, fodya wa bwana n'kufera m'nazale. Amafuna wopanda kothawira.”

Ndiye kuti mudzi wandikana chifukwa ndine mlendo, esiteti yandikana chifukwa ndine mwinimudzi. Bodza langa lomwe. Azakhali ayamba kutseka nkhokwe ndikamadutsa.

Lolemba, 7 Novembala

Ndabwerera ku esiteti kuja. Pageti, anthu ali mbwee, ndanena mokweza kuti ndinanama. Munda ndilibe. Mudzi ndilibe. Kapitawo wati ndibwereze, sanamve bwino. Ndabwereza.

Andilemba. Kanyumba ka udzu kumapeto kwa mzere, chimanga cha pangongole mpaka fodya adzagulitsidwe. Kuchokapo nyengo isanathe saloleza. Ndiyamba mawa.

Nditafika kumudzi kudzatenga katundu, atate akondwa ngati mwana. Avala jekete yawo ya ku Halale, auza mudzi wonse. “Unawauza kuti ndiwe wa kwa Nachisaka, eti? Ndinakuuza ine, dzina la kwanu limatsegula zitseko.”

Ndalowa m'nyumba ngati ndikulongedza. Chikwama ndamanga kalekale. Akali pakhonde, akundiitana kuti ndikawafotokozere mmene ndinanenera.