Masipuling'i a Galimoto Yonyamula Esinati

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndikudziwa chimene mukufuna kufunsa, ndiye ndingoyankhiratu. Ayi, chigalimoto chija sindinagulitse. Chikadali pomwe munachisiya, pansi pa mpeyala, koma tsopano chikulira, chikuyenda. Tsiku limene chinalira koyamba nkhuku zanu zinathawira m'munda wa chinangwa, zina zinabwera mawa lake. Munkati chidzangokhala nyumba ya makoswe. Analimodi, Amayi, koma ndinawasamutsa.

Akundilembera ndi apongozi anu, amake Chisomo, poti dzanja langa mukulidziwa. Tili pakhonde panu pano. Akuti ndiyambe ndi za anthu, zitsulo pambuyo. Chabwino.

Chisomo wayamba sukulu, akuti amakhala kutsogolo. Dolofe wa azakhali wachira, mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kumtsinje, ngati inu mukuitana mbuzi. Nandolo chaka chino anatinamiza, maluwa mbwee koma mbozi zinatitsogolera. Zinanazi ndiye zachita bwino. Kalongonda wanu anamera yekha kuseri kwa bafa, taphika, tinataya madzi kambirimbiri monga munkachitira, palibe amene anazunguzika mutu. Denga la khitchini likudontha pakona paja. Ndikonza. Ndanena kale kuti ndikonza, amake Chisomo, musandiyang'ane choncho.

Tsopano nkhani imene ikundisowetsa pokhala. Mchemwali wanga Esinati ali ndi pakati, ndipo mwezi wake wayandikira. Mimba ziwiri zija zinapita padera inu mulipo, munamugwira ndinu. Pano mulibe. Kusikelo anamuuza kuti asadikire kunyumba, apite kuchidikiro ku Mishoni nthawi isanakwane, ndiponso asakwere njinga yamoto, asagwedezeke. Alamu ali kutali kuntchito, amangoimba foni kufunsa. Ndiye mbumba ndi yanga, Amayi. Paja munkati, "Mlongo wako akatsokomola, chifuwa ndi chako."

Msewu wathu suli monga munausiyira. Chigumulireni madzi aja, magalimoto amathera pamlatho wa kuesiteti. Kuchoka apo kukwera kuno ndi miyala yokhayokha ndi zigwembe, penapake munthu umaloweramo mpaka m'chiuno. Esinati sangatsike pamenepo wapansi, miyendo yatupa. Galimoto imene ingafike pakhomo pano ndi yangayi basi. Matayala onse anayi amakoka. Bodi yakumbuyo ndinaidula, ndinawotcherera bokosi lazitsulo, pansi ndinayala matabwa. Kukwera imakwera ngati mbuzi. Koma vuto ndi masipuling'i akumbuyo.

Ndikuuzeni chimene chili, poti inu zitsulo munkangoti zitsulo. Pamwamba pa tayala lililonse pamakhala chitsulo chopiringizika ngati nkhata zosanjikiza. Tayala likagunda mwala, chimafinyika, ndiye wokwerayo samva. Ndiwo mawondo a galimoto. Akutsogolo ali bwino, injini imawapanikiza. Akumbuyo amene anabwera ndi galimotoyi anadyeka ndi dzimbiri, limodzi linathyoka.

Ndinaoloka pa Muloza kupita ku Villa, tsidya lija la malire, kwa mkulu wina amene amagulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Masipuling'i kumeneko amati mola. Anandikhuthulira mulu wonse pansi. Ine ndinasankha onenepa, chitsulo chake ngati chala changa chachikuluchi. Ndinaimapo ndi miyendo yonse, ndinadumphapo, osasuntha. Ndinati eya, awa ndi amuna. Ndinaganiza kuti cholimba ndiye chabwino. Si mmene timasankhira khasu?

Nditamanga, ndinafuna kuyesa. Esinati sindingamuyesere, ndi munthu. Ndiye ndinakumbukira inu mukutsika ndi ndowa kuchokera kukasupe, madzi osatayika ngakhale dontho. Munkauza atsikana kuti, "Madzi akuphiri amanyamula ndi mawondo, khosi ndi mboni chabe." Ndinadzaza ndowa yanu ija, ndinaimangirira pamatabwa pomwe Esinati adzagone, pambali pake thumba la chimanga kuti likhale ngati iyeyo. Ndinatsika pang'onopang'ono mpaka pamlatho.

Amayi, pofika pamlatho m'ndowa munatsala madzi osamba m'manja. Kumbuyo kumangodumpha, thumba linapezeka lagona kwina. Mano anga kugundana. Ndinakhala pamwala ndikuyang'ana ndowayo. Ndinati akanakhala mlongo wanga ameneyu?

Ndiye ndinaganiza kuti mwina chitsulo chachuluka, ndichepetseko. Ndinadulako nkhata imodzi mbali zonse. Kani ndiye kuonjeza moto. Anauma kuposa poyamba. Pambuyo pake ndi pomwe ndinazindikira, nsungwi yaitali imawerama koma kachidutswa kake sikawerama. Nzeru zimenezi zimabwera utadula kale.

Ndinabwereranso ku Villa. Mkulu uja anandiseka mpaka kutsokomola, koma ndi munthu wabwino. Anandipatsa mitundu iwiri, akuti ndikayese, umene sindiufuna ndikabweze tsiku la msika likudzali, poti pali wina akuufuna.

Mtundu woyamba ndi wochepa thupi, nkhata zambiri, wofewa. Ndinamanga, ndinadzaza ndowa, thumba pambali. Ee, Amayi! Kutsika ngati uli pamsana pa mayi ako. Pamlatho madzi anangochepa pang'ono, mwina kapu. Ndinaimba nyimbo ndekha. Koma mawa lake ndinapakira zinanazi kuti ndipite nazo ku Limbuli, ndiye kumbuyo kunakhala pansi ngati galu wokalamba. Matayala kukhula bodi, fungo la mphira. Pachigwembe chachikulu chija mimba ya galimoto inagunda mwala, guu! Ndinatsika kukasuzumira pansi. Sipanabooke. Koma ikanabooka? Pakati pa phiri, munthu ali m'kati?

Mtundu wachiwiri ndi wachilendo. Mbali ina nkhata zake zayandikana, mbali ina zatalikirana. Mkulu uja akuti umayamba mofewa, katundu akachuluka umalimba. Ndayesa. Ndi zinanazi suli kukhala pansi, mimba ikudutsa pamwamba pa miyala bwinobwino. Koma ndi thumba limodzi lija madzi akutayikabe, osati ngati onenepa aja, komabe akutayika, matabwa akunyowa. Ndiponso limodzi ndi lalifupi pang'ono kuyerekeza ndi linzake, ngati linatopa, ndiye galimoto ikuima mopendekera ngati a Gresham akachokera kumowa. Ayi, dzinalo fufutani, amake Chisomo. Kapena lisiyeni, Amayi akuwadziwa.

Ndiye ndili pamenepo. Ndamanga, ndamasula, ndamanganso, jeke mpaka yayamba kutuluka mafuta. Anthu akadutsa akumati Layisoni wapenga, akutungira madzi msewu. Chakudya ndikumadyera chiimire. Ndikakhala pansi, maso ali kuphiri, mitambo yayamba kusonkhana pamwamba paja, ndipo mukudziwa mvula ikangogwa dothi lofiirali limasanduka sopo. Esinati sadandaula. Amangokhala pamphasa nkumasoka tinsalu, akandiona ndili pansi pa galimoto amati, achimwene pumulani. Kusadandaula kwakeko ndiye kukundipweteka. Bola akanandikalipira monga munkachitira inu.

Mukanakhalapo mukanati chiyani? Ndikudziwa, mukanati, "Wofunsa anthu ambiri amaphika ndiwo zopanda mchere." Chabwino, ndisankhe ndekha. Ndikuona ngati nditenge ofewa aja. Zinanazi zidikire, kaya ziwole, ndi zinanazi. Amene akukwera ndi munthu mmodzi ndi kachikwama kake, kulemera kwake thumba limodzi, ndipo pa thumba limodzi ofewa aja ndi amene apambana. Enawo ndikabweza. Kapena ndidikire kaye? Ayi. Lembani kuti ndasankha. Ofewa.

Amayi, ndikusowani. Pakhonde pano mpando wanu palibe amene amakhalapo, ngakhale alendo amaulambalala. Ndikukulonjezani kuti mwana wanu ndikamutula pakhomo la chipatala ali bwinobwino, ndipo pobwera ndidzadutsira kumanda ndi mdzukulu wanu, ndidzaliza hutala kamodzi kuti mudziwe kuti tafika. Mupereke moni kwa abambo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Layisoni

Dikirani, amake Chisomo, musapinde pepalalo. Amayi, anzanu aja a kuseri kwa mpanda, Abiti Saidi, kani nthawi yonseyi amamva zonse akusenda chinangwa. Angotulukira pano, mpeni uli m'manja. Lembani mmene anenera, musachotsepo.

"Iwe Layisoni, wati thumba limodzi? Anakuuza ndani kuti munthu amapita kuchidikiro yekha ngati akupita kuchigayo? Ine ndikukwera. Azakhali ako akukwera. Apongozi a Esinati anatumiza kale mawu kuti tisawasiye. Nanga nkhuni zophikira kumeneko? Ufa, mapoto, mabeseni, mphasa zogonera ifeyo? Takhala tikusonkhanitsa kunyumba kwanga, iwe uli pansi pa galimoto. Izi amayi ako sakanakuuza, si za amuna. Usabweze chitsulo chilichonse. Mawa kukacha ubweretse chigalimoto chakocho pakhomo panga, tikwere tonse ndi katundu wathu, ndowayo ndiigwira ndine, uyese zenizeni. Koma mbali imene ndikhale ineyo, mwanawe, uikeko chitsulo chachitalicho."