Akufuna Kusamutsa Manda a Felesita

Unit N, Seke
Chitungwiza
Lolemba, 10 Okutobala 1988

Okondedwa achemwali a Eneless,

Dzulo titaweruka kutchalitchi tinakhala pansi kwanga kuno anthu atatu: ine, a Mackson a sosaite yathu ya maliro, ndi mphwanga Pearson, mwana wa malemu mng'ono wanu Felesita. Nkhani yake yandisowetsa mtendere.

Mukudziwa kuti Pearson ndi loya komanso phungu ku nyumba ya malamulo. Koma omwe akulimbirana naye mpando ayamba kumunyoza pamisonkhano kuti ndi mubwidi, munthu wopanda musha, ndiye kuti wopanda mudzi kuno ku Zimbabwe. Kunotu ngati ulibe mudzi wokhala ndi manda a makolo ako, sakuyesa mwini dziko. Ndiye wapeza malo kumidzi ya Seke, wamangapo kanyumba, tsopano akuti afukule amayi ake kumanda a m'tauni akawaike kumeneko, anthu aone.

A Mackson anaseka mowawidwa mtima: "Olemekezeka, kodi mafupa nawonso amavota?"

Pearson anayankha m'Chishona monga mwa masiku onse, kuti lamulo limulola popeza mwana ndi iyeyo, ndipo chilolezo akhoza kuchipeza mawa lomwe. Ine ndinangoti, "Kwathu za manda sagamula mwana, amagamula eni mbumba, ndipo wamkulu wathu ali ku Dedza."

Ndinkayesa akwiya. Koma pomuperekeza ku galimoto anandigwira dzanja, n'kulankhula Chichewa chake chothyokathyoka chija: "Malume, ku Dedza sandidziwa, kuno akuti ndine mlendo. Kwathu ndi kuti?" Ndi mwana yemwe uja Felesita anamuphunzitsa ndi tomato wa pamsika.

Felesita anagona pakati pa anzake a Mvano, amene ankaimba naye nyimbo zakwathu. Kumidziko akakhala yekha pakati pa eni dziko. Koma akapanda kupita, mwana wake akhoza kutaya zonse zimene mayiyo anavutikira.

Pearson walonjeza kudikira mawu anu mpaka Loweruka pa 26 Novembala. Chonde yankhani msanga. Mukakhala chete, adzatsata lamulo lakelo.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Lamlungu likubwerali ndikalambula pamanda a Felesita, monga ndichitira chaka chilichonse mvula isanagwe. Mbande za maluwa ndatenga kale, koma sindikudziwa ngati ndizidzale.

Ndine mlongo wanu,
Kefasi