Alemba Kuti Simunaname

Okondedwa bambo a atsikana,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Nanga dzanja lija likumapwetekabe kukazizira? Kuno tili bwino, kupatula amayi anu amene mawondo akuwavuta, koma pakamwa pokha mpamoyo.

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani pafoni. Bungwe loona za ufulu wa anthu lija linamaliza kufufuza miyezi itatu yapitayo. Anandiitana ku ofesi yawo, kachipinda kodzaza mafayilo mpaka pawindo. Mayi amene ankatifunsa mafunso aja anandiwerengera okha lipoti la zimene apeza. Apeza kuti mkulu wa alonda anakuthyolani dzanja dala, tsiku lomwe munakana kuti antchito azitsekeredwa m'fakitale ndi loko. Alemba kuti munalakwiridwa, ndipo simunaname.

Ndinagwetsa misozi. Kenako ndinafunsa kuti am'manga liti. Mayiwo anavula magalasi, nati mphamvu yawo ndi yofufuza ndi kulangiza basi, yolanga alibe. Lipoti analitumiza kwa oyenera, mpaka lero kuli zii. Ndinati ndiye ali ngati dokotala wokuuza matenda koma osakupatsa mankhwala. Sanakwiye. Anati nawonso zimawawawa, koma ena amaopa kuti wofufuza akakhalanso woweruza, tsiku lina adzalanga wosalakwa. Mwina n'zoona. Ine ndinangoona kuti ndikubwerera kunyumba ndi pepala.

Mkulu wa alonda uja akadali pageti la fakitale. Ndikamapita kokasoka ndimamudutsa, ndipo amandipatsa moni ngati ndi mlamu wanga.

Ndinakhala chete chifukwa atakuchotsani ntchito munalumbira kuti simudzapondanso kuno iye asanalangidwe. Ndinaopa kuti mukamva mudzakhazikika konko. Mundikhululukire.

Koma zaka ziwiri zakwana. Wamng'ono akamva foni ikulira amati adadi ali m'kati mwake. Wamkulu amavala jekete lanu popita kusukulu, manja atawapinda katatu. Chitseko cha kabati chimene munati mudzakonza chikulendewerabe, ndakana kuti wina achigwire.

Bwerani. Sindikuti muiwale ayi. Tidzapita limodzi kukagogoda kumene kwagona lipotilo, inu ndi dzanja lanulo, ine ndi lilime langa mukulidziwali. Akakatibweza, bola tidzabwerera nyumba imodzi.

Mupereke moni kwa msuweni wanu amene akukusungani. Mulungu akuyang'anireni. Mundiuze tsiku lokha, ndikakuchingamireni kudepoti.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a atsikana