Apongozi a Wophunzira Wanga Akubwera M'kalasi

Aphungu,

Ndimaphunzitsa pakoleji za chikhalidwe ndi malo a amuna ndi akazi, koma sabata yatha kapu ya tiyi inandiyalutsa.

M'kalasi timawerenga nthano za maiko a kunyenyezi, kenako n'kudziyang'ana tokha. Wophunzira wanga Dilorom, mtsikana wapabanja, anapeka yake: dziko limene mkwati ndiye amalawirira kusesa pabwalo, kuweramira apongozi ndi kuthira tiyi. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Apongozi ake, Mayi Oysha, ataimva sanaseke. Anatulukira kunyumba kwanga.

Pofuna kuonetsa kuti zophunzitsa zanga si zapakamwa chabe, ndinalanda tipoti kwa mkazi wanga. Ine ndi madigiri angawa, kudzaza kapu mpaka pakamwa, kuiwala kuti kwathu kuno kudzazira mlendo kapu n'kumuuza kuti azipita!

"Aphunzitsi, ndangokhala kumene, mwayamba kale kundipirikitsa?"

Mkazi wanga anathawira kukhitchini akugwira nthiti. "Muwakhululukire amayi, kunyenyezi amathira choncho!"

Kuchoka? Ayi ndithu. Anadya mpunga wa nyama, anamaliza vwende, n'kundiuza ndiwawerengere nthanoyo, kenako ndibwerezenso. "Nanga mkwatiyo akadwala, amasesa ndani?" Atavala nsapato pakhomo anati, "Lachinayi ndibwera m'kalasi mwanumo. Zikandinyansa, mtsikanayu sukulu yathera pomwepo."

Ndibise nthanozi tsikulo, ndiphunzitse za mitsinje ndi mapiri?

J.T., Namangan

A J.T.,

Musabise kanthu. Munthu wodana ndi nthano sapempha kuti mubwereze. Ndipo funso lawolo simunalimvetse: amafunsa chifukwa iwowo, ali mtsikana, anasesapo thupi likutentha, popanda wowalandira tsache.

Yambani mwafunsa Dilorom ngati akulola kuti nthano yake iwerengedwe apongozi ali pomwepo. Akakana, sankhani ina. Mayiwo akhale kutsogolo, funso lawo mulilembe pabolodi, anyamata ayambe kuyankha. Akatha, afunseni mayiwo mmene zinkakhalira iwo atangokwatiwa. Inu mutseke pakamwa, ngakhale ndikudziwa kuti kwa mphunzitsi imeneyo ndi ntchito yakalavula gaga.

Za tiyi, pemphani akazi anu akuphunzitseni, mutatseka makatani.

Koma chenjerani: musalole kalasi iwasandutse mayiwo choseketsa. Belu likalira inu mupita kwanu. Dilorom ndiye akalowa nawo nyumba imodzi.